Chingerezi cha Panjira ya ku Chisenga

Linali Lachitatu m'mawa, mvula itangokata. Ana anali pa masamu ochotsera, ine ndili kubolodi ndi choko m'manja. Sukulu yathu inali ya zipinda ziwiri, m'dera la Angoniya ku Mozambiki, ndipo tinkaphunzitsa m'Chipwitikizi. Chinali chaka changa chachiwiri chichokereni ku koleji.

Mfuti yoyamba inalira cha kusitolo. Ana onse anayang'ana ine. Italira yachiwiri, anatulukira pamazenera. Ine ndinayamba ndafufuta bolodi ndi mkono wa malaya. Aliyense ankadziwa kuti anthu amfuti a m'tchire, oukira boma, akalowa m'mudzi amayamba afunsa kumene kuli mphunzitsi.

Iwe Lusiya unali ndi miyezi isanu ndi itatu. Amayi ako, Esinati, ankachapa kuseri kwa nyumba, iwe uli kumbuyo kwawo. Ndinawapeza atanyamula kale bulangete ndi matewera onyowa. Tinalowa m'chimanga.

Tili pakati pa munda, china chake chinaphulika kumbuyo kwathu. Amayi ako anakhala pansi ngati munthu wopunthwa pamzere, n'kudzukanso okha. Magazi ndinawaona titafika kudambo, akutsetsereka mpaka kuchidendene. Kachitsulo kanali katalowa kumbuyo kwa ntchafu ya kumanzere, osatuluka. Bala lake linali laling'ono, loti chala chimodzi n'kuliphimba. Ndinamangapo thewera lako.

Chitupa changa cha uphunzitsi chinali m'thumba la malaya. Ndinachipondereza m'matope a dambolo mpaka chinamira.

Tinayenda masiku awiri, tikupewa njira, tikudutsa m'minda ya anthu. Tinadya mbatata ya kachewere yosaphika. Amayi ako ankatsimphina ndi ndodo ya nsungwi, ndipo ankakana kukhalitsa pansi poopa kuti mwendo ungaume. Iwe ndinakubereka ine.

Ku Lizulu malire ndi msewu wa tala. Tinaima m'mphepete, lole inadutsa, tinawoloka. Tsidya lake amayi ankagulitsa kabichi ndi tomato, bambo wina akumetetsa pansi pa mtengo. Palibe amene anatilabadira.

Amayi ako anabadwira mbali ino ya Malawi ndipo anaphunzira mpaka Sitandade 8. Makolo awo anali atamwalira kale. Azakhali awo anatigoneka m'khitchini n'kutsuka bala lija ndi madzi otentha amchere. Anatiuza kuti othawa nkhondo akulembedwa mayina n'kukwezedwa malole opita kumisasa. Anatiuzanso kuti amfuti aja amawoloka msewu kudzasaka aphunzitsi m'midzi ya m'malire.

Amayi ako, pokhala Mmalawi, akanatha kukhala. Wopita kumsasa ndinali ine. Iwo anati sitisiyana, ndipo pamalire sitikhalapo. Anali ndi mchimwene wawo mmodzi, a Yelemiya, mlangizi wa zaulimi amene boma linamutumiza ku Chisenga, m'boma la Chitipa, kumene dziko limathera. Anati tikangofika kumeneko a Yelemiya adzatiimira, ndipo bala tikalionetsa kumeneko. Panjira ayi, chifukwa bala la nkhondo a chipatala amauza apolisi. Tinagwirizana kuti wina akafunsa tiziti anagwera pa khasu.

Chichewa chathu ndi cha kuno chinali chimodzi. Chosiyana chinali mayina a zinthu za m'sitolo, manambala ndi nthawi. Ife tinatenga kwa Apwitikizi, a kuno anatenga kwa Angerezi. Loweruka ndinapita pagolosale n'kupempha sabau. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ndinatuluka chimanjamanja.

Amayi ako anaseka, koyamba chithawireni.

"Aphunzitsi athunthu osadziwa sopo! Khalani pansi, bambo a Lusiya, sukulu yayamba."

Machimbombo ndi basi. Bilyete ndi tikiti. Fosiforo ndi machesi, garafa ndi botolo. Anandiwerengetsa wani, thu, firii mpaka handiredi, kenako chobwerera m'mbuyo. Nthawi imene kwathu tinkaitchula ndi nambala ya khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuno ndi folo koloko. Dzina langa la Alberto analidula likhale Alubeti. Ndinali mlimi wa mbatata wa ku Ntcheu.

Ndinapempha pensulo. Anakana. Anafunsa ngati ndinaonapo mlimi akulembalemba m'basi. Kuyambira pamenepo ndinkalemba ndi chala pabondo, ndipo chala chimenecho sichinapume mpaka ku Nthalire.

Ndinameta tsitsi. Ndinagulitsa wotchi. Makadi a chipani tinagula kwa anyamata oima pachipata cha msika. Lolemba tinakwera basi ya ku Lilongwe.

M'basimo anayamba kundiphunzitsa mawu oyankhira anthu a boma, pakuti kuno munthu wa yunifolomu akakukayikira amakuponyera Chingerezi. Ankanong'ona pakamwa pali pamutu pako, ngati akukutonthoza, ine ndikubwereza nditayang'ana pazenera.

Good morning, sir. I am fine, thank you. My name is Albert. I am a farmer. I come from Ntcheu.

Ankati ndimagudubuza lilime ngati ansembe achizungu. Ankati ndiwatchule mwaulesi, ngati munthu amene analekezera Sitandade 4. Ndikakhoza kwambiri ankanditsina.

Ku Lilongwe tinadikira basi ya kumpoto kuyambira masana. Sindinathe kukhala pabenchi. Ndinkazungulira depoti, ndikuwerenga zikwangwani, ndikubwera kudzafunsa tanthauzo, ndikupitanso. Pozungulira pomwepo ndinamva kuti chipatala chili pafupi, ulendo wapansi. Ndinawauza amayi ako. Ndinawapempha kamodzi. Iwo anandifunsa kuti Lachinayi m'Chingerezi n'chiyani. Ndinati Thursday. Anati ndakhoza. Basi inafika, tinakwera.

I am going to Chisenga to see my brother-in-law. Amenewa anandivuta. Mawu otanthauza mlamu ndinalimbana nawo kuyambira ku Kasungu mpaka ku Jenda.

Panjirapo apolisi anatiimitsa kawiri. Ndinaonetsa khadi, ndinati ndine mlimi, anatibwezera m'basi. Ulendo wachiwiri amayi ako anandigwira dzanja pokwera, ndipo linali lotentha ngati mbale ya tiyi.

Ku Mzuzu anapita okha kuchimbudzi kukasintha nsalu ya pabala. Anakhalitsa. Atabwera anakana kuti ndione. Anamanga chitenje chachiwiri pamwamba pa choyamba. Mkaka unayamba kuchepa, ndipo iwe unkaluma bere n'kulira. Mayi wina amene sitinamvane naye chilankhulo anakusendera nthochi n'kukudyetsa ndi chala.

Ndinaona chikwangwani cholozera kuchipatala. Ndinachiwerenga ndekha, popanda wondithandiza. Sindinanene kanthu.

Ku Rumphi anatiuza kuti njira ya basi imazungulira ku Karonga, koma pali lole ya mchere ndi malata imene ikudutsa pa Nyika kupita ku Nthalire mpaka ku Chisenga. Tinakwera loleyo Lachinayi m'mamawa. Amayi ako anakwezedwa ndi anthu awiri. Ndinawakhazika pakati pa matumba a mchere, msana atatsamira kumutu kwa lole.

Ambiri m'lolemo ankalankhula Chitumbuka. Munalinso bambo wina wa ku Zomba, wovala tayi, atakhala pa thiranki lachitsulo. Anali mphunzitsi wotumizidwa kusukulu ina ya ku Nthalire. Njira yonse ankadandaula za msewu, theka m'Chichewa theka m'Chingerezi. Ine ndinkamvetsera ndikutola mawu. Ndinkayang'ananso zala zake. Zinali ngati zanga.

Pa Nyika panali nkhungu. Udzu unali waufupi, mitengo kulibe, mphepo ikulowa m'mafupa. Ndinawafunditsa amayi ako bulangete ndi jekete langa, koma mano ankagundana. Sukulu sinatsekedwe. Cold. Water. How far. Anandifunsa liwu limodzi katatu osakumbukira kuti afunsa kale. Katatu konse ndinayankha.

Tikutsika phiri anawonjezera ena. My wife is sick. Ndinati amenewo sindikuwafuna. Anati ndiwanene. Ndinawanena.

Polowa ku Nthalire panali mtengo wopingasa pa migolo iwiri. Wapolisi anali mmodzi, wamtali, wolankhula Chichewa cha kummwera. Anati onse atsike kupatula odwala. Tinafola pamzere. Anaona khadi langa, anafunsa ntchito yanga, ndinati ndine mlimi. Anandibwezera khadi. Ndinali nditagwira kale chitsulo cha lole kuti ndikwere.

Pomwepo dalaivala anakuwa ali kutsogolo.

"Aphunzitsi! Mutsikira pompano kapena pamsika?"

Ndinatembenuka. "Wawa?"

Tinayankha awiri, ine ndi bambo wa tayi uja. Zaka ziwiri mudzi wonse unkandiitana choncho. Amayi ako anandiphunzitsa zonse zoti ndinene. Zoti munthu akaitana ndisacheuke, tonse awiri sitinaziganize.

Wapolisi anabwera pang'onopang'ono. Anagwira dzanja langa lamanja n'kulitembenuza. Chikhatho chinali chosalala. Pachala chapakati panali chikanga cha cholembera.

"You are a teacher?"

"I am a farmer, sir."

Analankhula Chingerezi chachitali, chothamanga. Sindinamvepo kanthu. Mphunzitsi wa ku Malawi wosamva Chingerezi kulibe, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

"I am fine, thank you," ndinatero.

Anthu anaseka. Bambo wa tayi anayang'ana pansi.

Wapolisi anafunsanso. Ndinati I come from Ntcheu. Anafunsanso. Ndinati I am going to Chisenga to see my brother-in-law, ndipo mlamu uja ndinamutchula bwino lomwe. Anangondiyang'ana, akudikira. Mawu anga anali atatha. Anatsala amodzi okha.

"My wife is sick."

Anaponda tayala n'kusuzumira m'lole. Kenako anaika dzanja pamphuno n'kupempha mayi wina kuti akweze chitenje pang'ono. Mayiyo anakweza, anati "Mayo!" n'kubwezeretsa msanga.

"Chachitika n'chiyani?" Anafunsa m'Chichewa tsopano.

"Anagwera pa khasu."

"Bambo, ine kwathu n'ku Muloza, m'malire. Makasu oterewa ndawaona ambiri. Masiku angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Mwadutsa zipatala zingati?"

Ndinayang'ana kumene kunali amayi ako.

"Anthu ophunzira inu, mitu yanu imagwira bwanji?" Anatembenukira kwa dalaivala. "Atsitseni awa."

Ndinamupempha. Ndinati ku Chisenga kwatsala pang'ono. Anati akafika kumeneko ali mtembo. Anafunsa dzina la mlamu wanga, analemba kakalata, anapatsa dalaivala kuti akapereke kwa mlangizi wa ku Chisenga pamanja. Mtengo unakwezedwa. Ndinaima ndi iwe m'manja ndikuona lole ikukwera chitunda, malata akulira, mpaka inalowa m'mitengo.

Amuna anayi a pamenepo anawanyamula amayi ako pa chitseko chakale kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Dokotala wake anali wa ku Dowa, namwino anali wa komweko. Anadula matewera ndi sizasi. Ntchafu inali itatupa mpaka m'chiuno, khungu litada. Kameneka kanali koyamba kuti ndione chichokereni ku Lizulu.

Anachotsa kachitsulo kaja n'kukaponya m'mbale. Kanali ngati njere ya nyemba. Anabaya jakisoni, anapachika botolo la madzi. Ankalankhulana m'Chingerezi motsitsa mawu, ine ndili pakhomo ndikutola zimene ndinkadziwa. Water. How many days. Husband. Zina zonse zinandidutsa.

Kenako dokotala anatuluka nane panja. Anati zafika m'magazi. Anati msewu wa ku Boma sangaupirire. Anati ayesetsa.

Pabenchi sindinakhalepo. Ndinkayenda kuchokera pakhonde kukafika pamjigo, kubwerera, kusuzumira pazenera, kupitanso. Namwino anandiphikira phala lako. Amayi odikirira odwala ankandipatsa moni kuti monire, ine ndikungowerama mutu.

Lachisanu masana amayi ako anatsitsimuka. Anafuna kudziwa mmene zinayendera pa mtengo paja, pakuti iwo sanamve kanthu. Ndinawafotokozera zonse, ndi za I am fine, thank you zomwe. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ziro, aphunzitsi. Mubwereze kalasi."

Anapempha kuti ndikuike pachifuwa pawo. Unasewera ndi mkanda wawo. Anandiuza kuti matewera atha, ndikachape, ndipo ndisawayanike pansi.

Loweruka dzuwa lisanafike pamutu ndinali pamjigo ndi matewera. Namwino anabwera n'kuima pambali panga, n'kundiuza kuti amayi ako atisiya. Ndinamaliza kufinya limene linali m'manja.

Sitinkadziwa munthu ndi mmodzi yemwe ku Nthalire. Manda anakumba anthu a m'mudzi. Bokosi anakhoma akalipentala a kutchalitchi ndi matabwa amene ankasungira mabenchi. Amayi anabwera ndi nkhuni ndi ufa, n'kuimba nyimbo za Chitumbuka zimene ndinkadziwa maimbidwe ake koma mawu ayi. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena kuti phepani chomene. Sindinkadziwa choyankha. Namwino anandinong'oneza kuti ndiziti yewo.

A Yelemiya anafika Lamulungu pa njinga yamoto ya kuntchito, matope mpaka m'mawondo. Lole ija inali itatitimira panjira, kalata inachedwa. Anapeza akukhoma msomali wachiwiri pabokosi. Anapempha kuti azule. Mlongo wawo anali asanamuone zaka zinayi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakonza mpango wa kumutu umene unapendekeka, n'kuuza akalipentala kuti apitirize.

Sanandifunse chifukwa chimene sitinalowere m'chipatala ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Mpaka lero sanafunsepo.

Titachoka kumanda wapolisi uja anatiitanitsa. Buku lake linali lotsegula patebulo. Anati nkhaniyi sangaibise, ayenera kuilemba n'kuitumiza ku Boma. Anafunsa dzina langa lenileni. Ndinati Alberto. Anafunsa ntchito. Ndinati mphunzitsi. Anafunsa kumene ndachokera, ndipo ndinatchula mudzi, sukulu ndi tsiku. Analemba zonse. Iwe unali pamiyendo panga ukukoka chingwe cha chipewa chake.

Anati malamulo ake ndi akuti ine ndipite kumsasa kummwera. Anati mwana, poti mayi wake anali Mmalawi, akhoza kutsala ndi amalume ake.

A Yelemiya anatulutsa chitupa chawo cha ntchito n'kuchiika pabukupo.

"Bwana, mwanayu wataya mayi dzulo. Musamulande bambo lero. Munthuyu akhala m'nyumba mwanga. Akasowa, mudzamange ine."

Wapolisi anatenga chitupacho, anachiwerenga mbali zonse ziwiri. Anafunsa ngati akudziwa kuti ntchito ikhoza kuwathera. A Yelemiya anati akudziwa. Wapolisi analemba mizere ina itatu m'Chingerezi n'kundiwerengera m'Chichewa: ndizikhala ku Chisenga m'manja mwa mlamu wanga, ndizikaonekera kupolisi mwezi uliwonse, mpaka a ku Boma atanena zina. A Yelemiya anasaina. Ine ndinasaina dzina langa lonse, mmene ndinkasainira m'kaundula wa kusukulu. A ku Boma sananene zina.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa, atatu pa njinga imodzi. Ndinakubereka ndi chitenje cha amayi ako. Msewu unali woterera, ndipo m'malo ena tinkatsika n'kukankha. Kumanzere mapiri a Mafinga ankaoneka n'kubisikanso m'mitambo. M'malo oterowo a Yelemiya ankandiuza kuti ndigwiritsitse.

Tinafika ku Chisenga dzuwa litapendeka. Akazi a a Yelemiya anatuluka ndi mwana wawo wakhanda m'manja. Anamupatsa mnansi n'kubwera kumbuyo kwanga kudzakumasula. Mfundo ndinali nditamanga yachimuna, ndipo anachita kuimasula ndi mano. Anakhala pakhonde n'kukuika kubere.

Ananditulutsira mpando. Ndinaima pambali pake.

Amayi ako ali ku Nthalire, kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa msuku, manda achitatu kuchokera kunjira. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwe unayamwa mabere onse awiri, n'kugona.